Makilomita 226 tsiku limodzi: munthu wamba wa ku Dedza angathe bwanji triathlon yaitali?

Kuchoka pa boma la Dedza kukafika ku Blantyre kudzera pa Zalewa ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 226. Ngakhale pa basi, munthu amatsika msana ukuwawa. Koma kuli mpikisano wina umene anthu amamaliza mtunda ngati womwewo tsiku limodzi popanda injini. Amayamba ndi kusambira makilomita 3.8, akavuuka amakwera njinga yakapalasa n'kupalasa makilomita 180, akatsika pa njingapo amathamanga makilomita 42.2. Wotchi ikayamba kuyenda m'mawa siimanso. Nthawi yosintha zovala, yomata chubu, ngakhale yopita kuchimbudzi imawerengedwa yonse. Masewerawa amatchedwa triathlon, ndipo mtundu wautaliwu ambiri amaudziwa ndi dzina loti Ironman.

Akatswiri olipidwa amakhala ochepa kwambiri pa mzere woyambira. Unyinji ndi anthu a ntchito zawo: aphunzitsi, anamwino, alimi, a m'mabanki, amene amadzilipirira okha ndipo Lolemba linalo amabwerera kuntchito. Amapikisana m'magulu a zaka zisanuzisanu, monga a zaka 30 mpaka 34, a 35 mpaka 39, mpaka kukafika kwa agogo. Katswiri wa ku Norway, Kristian Blummenfelt, anamaliza mtunda wonsewu m'maola 7 ndi mphindi 21 ku Cozumel m'dziko la Mexico mu 2021. Anthu wamba ambiri amatenga maola 12 mpaka 14, ena kuposa pamenepo. Hiromu Inada wa ku Japan anamaliza ku Hawaii mu 2018 ali ndi zaka 85, zitangotsala mphindi zochepa kuti nthawi ithe.

Chiyambi chake chinali mkangano. Triathlon yamakono inayambira ku Mission Bay mumzinda wa San Diego mu Seputembala 1974, koma inali yaifupi. Patapita zaka zochepa, othamanga ndi osambira a ku Hawaii ankatsutsana kuti olimba kwambiri ndi ati. John Collins, msilikali wa pamadzi wa dziko la America, pamodzi ndi mkazi wake Judy, anaganiza zolumikiza mipikisano itatu imene inalipo kale pa chilumba cha Oahu: wosambira wa ku Waikiki, wa njinga wozungulira chilumbacho, ndi marathoni (mpikisano wothamanga makilomita 42.2) ya ku Honolulu. Pa 18 Febuluwale 1978 anthu 15 anayamba, 12 anamaliza, ndipo Gordon Haller anapambana ndi maola 11, mphindi 46. Wachiwiri, John Dunbar, anali patsogolo kwa nthawi yaitali, koma omuthandiza madzi atawathera anamupatsa mowa, ndipo zinthu zinamusokonekera. Mpikisanowu unasamukira ku Kona, pa chilumba china cha ku Hawaii komweko, mu 1981. Chaka chotsatira dziko lonse linaonera pa wailesi yakanema Julie Moss akugwa, kudzuka, kugwanso, n'kukwawa mpaka pa mzere womalizira, Kathleen McCartney atamupitirira pafupi pomwepo. Anthu ambiri anakopeka ndi masewerawa chifukwa cha kukwawa kumeneko. Koma nkhani ziwirizi, ya Dunbar ndi ya Moss, n'zofanana: onse anali amphamvu ndithu, chinawagwetsa ndi zimene zinalowa kapena kusalowa m'mimba.

Sikuti triathlon iliyonse ndi yaitali chonchi. Yaifupi kwambiri imakhala mamita 750 m'madzi, makilomita 20 pa njinga ndi 5 othamanga. Ya ku Olimpiki, imene inalowa m'masewerawo ku Sydney m'chaka cha 2000, ndi makilomita 1.5, 40 ndi 10. Henri Schoeman wa ku South Africa anatengako mendulo yachitatu ku Rio de Janeiro mu 2016. Kenaka pali ya theka, yotchedwa 70.3 (mtunda wake wonse m'mamailosi), ya makilomita 1.9, 90 ndi 21.1. Wanzeru amakwera makwerero amenewa limodzilimodzi.

Pa mtunda wautaliwo pali malire a nthawi. M'mipikisano yambiri munthu ayenera kuvuuka pasanathe maola 2 ndi mphindi 20, kutsika pa njinga pasanathe maola 10 ndi theka chiyambireni, ndi kumaliza zonse pasanathe maola 17, ngakhale kwina amachepetsako. Tiyeni tiwerengetse. M'madzi, malirewo akutanthauza mphindi 3 ndi masekondi pafupifupi 40 pa mamita 100 alionse. Ukavuuka patatha ola ndi theka, umatsala ndi maola oyandikira 9 a njinga, kutanthauza liwiro la makilomita 20 kapena 21 pa ola. Kenaka marathoni ili ndi maola 6 ndi theka, nthawi yoti munthu angathe kuthamanga pang'ono n'kumayendako. Gawo lililonse palokha silochititsa mantha. Vuto n'lakuti magawowo amadyerana: chimene wawononga m'mawa umakachilipira madzulo.

Apa ndi pamene ndimaona kuti ife a kuno timalakwitsa poganizira masewerawa. Tikamva za makilomita 180 timati pakufunika mphamvu zoopsa. Mphamvutu ziliko kale kuno. Imani pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off tsiku la msika muone mnyamata akukwera chitunda ndi matumba awiri a mbatatesi pa keliyala, njinga yopanda magiya, kuphazi atavala patapata. Miyendo imeneyo anthu a kunja amaifunafuna ndi ndalama zambiri. Chimene chingamugonjetse mnyamatayo si kutalika kwa msewu. Ndi madzi, mimba, ndi kulephera kudzigwira pamene thupi likumva kukoma.

Tiyambe ndi madzi, chifukwa kwa munthu wokulira kumtunda kuno ndi pamene pali phiri lenileni. Kusambira ndi luso kuposa mphamvu. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, choncho kupotoka pang'ono kwa thupi kumakubweza kwambiri. Wophunzira kumene amadzutsa mutu kuti apume, miyendo n'kumira, ndiye amakhala ngati akukoka thupi lake chilili. Amamenya madzi mwamphamvu, akafika mamita 50 befu wamugwira, n'kumadabwa chifukwa pamtunda amathamanga makilomita khumi osavutika. Wodziwa amagona chafufumimba, nkhope ili m'madzi, amatulutsa mpweya pang'onopang'ono nkhope ikadali m'madzimo, n'kungotembenuzira mutu kumbali kuti akoke wina. Miyendo saigwiritsa ntchito kwambiri, amaisungira njinga. Zimenezi munthu saphunzira yekha pa YouTube mokwanira. Pamafunika wina woima pambali amene akuona zimene iwe sungathe kudziona.

Nanga asambira kuti? Maiwe osambiramo ali ku Lilongwe, makilomita oposa 80 kuchoka pa Dedza, ambiri ali m'mahotela, m'makalabu ndi m'sukulu zina. M'dziwe la mamita 25, makilomita 3.8 ndi kuwoloka maulendo 152. Kwinako ndi kunyanja. Boma la Dedza limafika mpaka kugombe cha ku Mtakataka, ndipo wina angasankhe Senga Bay ku Salima kapena kudutsa pa Golomoti kulowera ku Monkey Bay. Nyanja ndi mphunzitsi wabwino kuposa dziwe, chifukwa mpikisano umachitikira pamadzi otseguka, popanda mzere pansi woti uziulondola ndiponso popanda khoma logwira ukatopa. Umayenera kuphunzira kusuzumira kutsogolo ukatambasula manja kangapo, n'kuloza mtengo kapena phiri linalake, apo ayi umakhota osadziwa, makilomita 3.8 n'kusanduka 4.3.

Koma nyanja yathu ili ndi malamulo ake. Sasambira wekha. Ugwirizane ndi msodzi kuti azikutsata ndi bwato pambali, ndipo umufunse asanakuuze. Ukati, "Madala, apa n'kusambira kukafika pa mwala uwo?" iye akayang'ana kumwamba n'kuyankha kuti, "Achimwene, lero ayi, mwera ukubwera," nkhani yathera pomwepo, ngakhale utalipira kale thiransipoti yochokera ku Dedza. Mwera umavuta kwambiri m'miyezi yozizira, cha mu Juni mpaka Ogasiti, ndipo nyanja imene inali bata m'mawa imatha kulusa pofika masana. Kumathiriro a mitsinje ndi m'mabango n'kwa ng'ona ndi mvuu. M'madzi osaya a m'mbali, muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo aliyense wosambira m'nyanja kawirikawiri ayenera kumayezetsa kuchipatala. Mankhwala ake, praziquantel, alipo. Likodzo losachizidwa limachepetsa magazi mwakachetechete, munthu n'kumangodabwa kuti bwanji liwiro latsika. Malungo nawonso ndi ochuluka kunyanja kuposa kumtunda kuno, choncho kugona m'neti ndi gawo la kukonzekera. Ndipo thupi likatentha, masewera onse ayambe aima kufikira utachira.

Pali chifukwa china chimene ndikukhalitsira pa madzi. Kafukufuku wa madokotala a ku America amene anasindikizidwa mu 2017 anaunika anthu 135 amene anamwalira kapena mtima unawaima pa mipikisano ya triathlon m'dzikolo kuyambira 1985 mpaka 2016. Mwa iwo, 90 zinawachitikira m'madzi, ndipo ambiri anali amuna a zaka zapakati. Poyerekeza ndi mamiliyoni amene anachita nawo, chiwerengerocho n'chochepa, koma chikusonyeza pamene pali ngozi. Mphindi zoyambirira n'zosokoneza: madzi ozizira kumaso, mtima ukugunda ndi mantha, wina wakumenya chigongono, wina wakukwera pamiyendo, magalasi alowa madzi. Munthu wodziwa bwino kusambira amatha kubanika. Mankhwala ake ndi kuyambira kumbuyo kapena chakumbali, kulola othamangira apite, ndipo mantha akakugwira kugona chagada mpaka mpweya ubwerere. Malamulo amalola kugwira bwato la opulumutsa n'kupumirapo, bola lisakuyendetse. Amene wapitirira zaka 40, kapena amene kwawo kuli matenda a mtima, a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, akaonane kaye ndi dokotala asanalembetse.

Ukavuuka, miyendo imakhala yagwedegwede chifukwa magazi anazolowera thupi logona. Umathamangira pamene pali chikwama chako, kuvula za m'madzi, kuvala chipewa cha njinga n'kumanga lamba wake usanagwire njingayo. Ukalakwitsa dongosolo limeneli woyang'anira amakuimitsa. Pa mpikisano wonse thandizo lochokera kwa achibale n'loletsedwa. Mkazi wako sangakupatse botolo la madzi, mnzako sangakumatire chubu. Tayala likaponcha pa kilomita ya 95, umakhala pansi wekha ndi zala zonjenjemera, kuchotsa tayala, kufufuza minga kapena kagalasi m'kati mwake, kuika chubu china, kupopa. Pamenepa pokha mwana wa ku Ntcheu amene anakula akukonza njinga ya bambo ake amaposa bwana wa ku Johannesburg amene njinga yake ndi ya mtengo wa galimoto.

Njinga imatenga pafupifupi theka la tsiku lonse, ndipo mdani wamkulu pamenepo ndi mphepo. Liwiro likafika makilomita 30 pa ola pamalo athyathyathya, mphamvu zambiri za wopalasa zimathera pa kuboola mpweya. N'chifukwa chake akatswiri amawerama kwambiri, zigongono atazitsamiritsa pa timahandulo totalikira kutsogolo. N'chifukwa chakenso kubisala kumbuyo kwa mnzako n'koletsedwa pa mipikisano yaitali: amene ali kumbuyo amapulumutsa mphamvu zambiri. Umayenera kusiya mpata wa mamita 12, ndipo ukalowa mumpatawo uli ndi masekondi 25 kuti upitirire. Ukalephera amakuonetsa khadi n'kukaima mphindi zingapo pa tenti ya chilango. Ife tinazolowera kupalasa mondondozana tikucheza, choncho chizolowezi chimenechi chiyenera kusiyidwa tikadali kunyumba.

Kodi pamafunika njinga yodula? Yamagiya, yolimba, ya msinkhu wako, yokhala ndi matayala ang'onoang'ono a pa tara imakwana, ngakhale yakaunjika. Chofunika kuposa mtengo ndi kutalika kwa chishalo ndi kutalikira kwa mahandulo. Chishalo chikatsika kwambiri mawondo amapweteka, chikakwera kwambiri chiuno chimagwedezeka ndipo pakati pa miyendo pamasupuka. Kwa ola limodzi munthu amapirira. Kwa maola 7 sizipiririka.

Malo ophunzirira kupalasa tili nawo abwino, koma osamala nawo. Kupita ku Lilongwe n'kubwerera pa M1 ndi makilomita oyandikira 170, kungotsala pang'ono kukwanitsa mtunda wa mpikisano, komatu msewuwu ndi wopapatiza malo ambiri, m'mbali munadyeka, ndipo mathiraki ndi maminibasi sapatsa ulemu njinga. M'mamawa wa mu Juni chifunga cha ku Bembeke chimabisa munthu pa mamita ochepa chabe. Chovala chowala ndi nyale yakumbuyo n'zosakambirana. Msewu umene ine ndimaukonda ndi wa Khwekhwerere, wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti. Umatsika mamita pafupifupi 1,000 m'makona okhaokha, mabuleki akutentha, mpweya ukusintha pankhope kuchoka kozizira kufika kofunda, mitengo ya paini ikusiyira malo malambe. Ukafika pansi umatembenuka n'kuyamba kukwera. Phiri limenelo limaphunzitsa chinthu chimene buku silingaphunzitse: ukayamba mwaukali pa makona oyambirira, sufika pamwamba uli pachishalo.

Tsopano za mimba, zimene ndikuona kuti ndiye phata la nkhani yonse. Thupi lili ndi nkhokwe ziwiri. Yoyamba ndi ya shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi, wotchedwa glycogen, wokwana pafupifupi magalamu 400 mpaka 500, kapena kuti makalori pafupifupi 2,000. Ili pafupi, imatseguka msanga, koma ndi yaing'ono: ukalimbikira kwambiri imatha pasanathe maola awiri. Yachiwiri ndi ya mafuta. Ngakhale munthu woonda ali ndi mafuta okwana kuyenda masiku, koma khomo lake ndi laling'ono, amatuluka pang'onopang'ono. Tsiku la mpikisano limafuna makalori 8,000 mpaka 10,000. Aliyense amene anaonapo banja likudya mosasamala mu Meyi n'kumagona ndi njala mu Januwale wamvetsa kale nkhaniyi. Ukamapalasa modekha, thupi limatapa kwambiri m'nkhokwe yaikulu ija n'kusunga yaing'ono. Ukangowonjezera liwiro kuti upitirire munthu amene wakunyansa, limatembenukira ku shuga. Shugayo akatha, miyendo imalemera mwadzidzidzi, mutu umazungulira, maganizo amada, ndipo munthu wamkulu amatha kukhala m'mbali mwa msewu n'kuyamba kulira osadziwa chifukwa chake.

Ndiye umayenera kudya uli pa liwiro, ndipo njinga ndiye malo odyerapo chifukwa mimba sigwedezeka ngati pothamanga. Muyeso umene akatswiri a zakudya amalangiza ndi magalamu 60 mpaka 90 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola. Malirewo amaikidwa ndi matumbo: shuga wa mtundu wa glucose amalowa m'magazi pafupifupi magalamu 60 pa ola basi, koma ukasakaniza ndi wa m'zipatso, fructose, amene amadzera khomo lina, umatha kufika 90. Nthochi imodzi yabwino ili ndi magalamu pafupifupi 25. Kutanthauza nthochi zitatu pa ola, kwa maola 6 kapena 7. Palibe angathe zimenezo, n'chifukwa chake anthu amasakaniza: zakumwa zotsekemera, timapaketi ta shuga wamadzimadzi, mbatata yophika yowaza mchere, buledi wopaka uchi kapena jamu, mpunga woumba. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi magalamu oposa 30 a shuga, ndipo pa marathoni okonza mpikisano amagawadi chakumwachi. Zamafuta monga mandasi, chipisi ndi kanyenya zimachedwa kugayika, zidikire madzulo. Nyemba, kabichi ndi mgaiwa, zabwino masiku onse, uzisiye kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, apo ayi udzadziwa chimbudzi chilichonse cha m'njira.

Matumbo nawo amaphunzitsidwa. Munthu amene anazolowera kupalasa maola anayi ndi madzi okha, n'kudzadya nsima yaikulu akafika, sangayambe kumeza magalamu 80 pa ola tsiku la mpikisano. Mimba imafufuma, mseru umabwera, ndipo akasiya kudya chifukwa cha mseruwo, nkhokwe ija imauma. Chilichonse chimene udzadye tsikulo uyenera kuti unachiyesa kale kangapo pa maulendo ataliatali.

Madzi akumwa ali ndi misampha iwiri. Woyamba aliyense amaudziwa, kuuma m'thupi. Munthu amatha kutaya thukuta loyambira theka la lita mpaka malita awiri pa ola, malinga ndi thupi lake ndi nyengo. Njira yodziwira ndi yosavuta: dziyeze pa sikelo usanayambe ndiponso ukamaliza ola limodzi, kilogalamu iliyonse yotayika ndi pafupifupi lita imodzi, n'kuwonjezerapo zimene wamwa. Msampha wachiwiri ndi kumwa madzi okhaokha mopitirira muyeso. Mchere wa sodium m'magazi umasungunuka, ukatsika pansi pa 135 pa muyeso wa kuchipatala vuto layamba, ndipo ukatsikiratu ubongo umatupa, munthu amasokonezeka, amakomoka, ena amamwalira. Amene amagwa mumsampha umenewu kawirikawiri ndi oyenda pang'onopang'ono, amene amakhala panjira nthawi yaitali n'kumamwa pa tebulo lililonse poopa ludzu. Ukamaliza uli wolemera kuposa mmene unayambira, wamwa kwambiri. Madzi a mchere ndi shuga ngati Thanzi ORS amathandizako pa maulendo otentha, koma salowa m'malo mwa chakudya chifukwa shuga wake ndi wochepa. Ndipo chonde, chizolowezi chomeza brufen kapena diclofenac ululu usanayambe n'choopsa pa tsiku lotere, chifukwa impso zimakhala zili kale pa mpanipani.

Anthu amakonda kunena kuti kukhala ku Dedza ndi mwayi chifukwa cha kukwera kwa malo. Pali choonadi pang'ono. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza ndi mamita 2,198. Mpweya wa kumtunda umapatsa thupi okosijeni wocheperako, ndipo thupi limazolowera. Koma Iten, kwawo kwa othamanga a ku Kenya, ili pa mamita pafupifupi 2,400, choncho tisadzinamize. Vuto lalikulu kwa ife ndi kutentha. Thupi limene linazolowera chisanu cha ku Dedza limavutika likatsikira kumalo otentha: mtima umathamanga kwambiri pa liwiro lomwelo chifukwa magazi ambiri akupita kukhungu kukaziziritsa thupi. Mwayi wake n'ngwakuti thupi limaphunzira kutentha m'masiku 10 mpaka 14. Limayamba kutuluka thukuta msanga, thukutalo limakhala ndi mchere wochepa, ndipo madzi a m'magazi amawonjezeka. Chigwa cha Golomoti ndi Mtakataka chili pafupi, ndipo kutentha kwake kwa mu Okotobala kumakwanira kuphunzitsa aliyense.

Marathoni imayamba cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana kwa munthu wamba. Mapazi oyamba ukatsika pa njinga amadabwitsa: miyendo ikuyesabe kuzungulira, msana sukufuna kuwongoka, koma wotchi ikusonyeza kuti ukuthamanga mofulumira kuposa mmene ukumvera, chifukwa maso anazolowera liwiro la njinga. Ambiri amaonongera pamenepa. Njira yozoloweretsa thupi ndi kumathamanga mphindi 15 kapena 20 ukangotsika pa njinga, kamodzi pa sabata. Pa mpikisano weniweni, anthu wamba ochuluka amayenda pa matebulo a zakumwa, amene amakhala pa makilomita awiri kapena kuposerapo pang'ono, n'kuthamanga pakati pake. Si manyazi. Amene wakonzeratu kuyenda masekondi 30 pa tebulo lililonse nthawi zambiri amadzapitirira, cha pa kilomita ya 30, uja analumbira kuti sayenda. Ndipo kawirikawiri munthu akamadandaula kuti marathoni inamuvuta, muzu wake umakhala pa njinga: anapindula mphindi 15 popalasa mwamatama, n'kutaya ola lathunthu akuyenda mumdima.

Kukonzekera konseku kumatenga nthawi. Amene amatha kale kusambira ndi kuthamanga amafunika miyezi 6 kapena kuposa, maola 10 mpaka 15 pa sabata ikafika pachimake. Amene akuyambira pa kuphunzira kuyandama aganize za zaka ziwiri. Gawo lalikulu la maolawo, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, liyenera kukhala lodekha, liwiro loti ungathe kucheza ndi mnzako osadula mawu. Zimenezi anyamata amazikana, amafuna tsiku lililonse abwere atatheratu, ndipo mapeto ake ndi bondo kapena mtsempha wa kuchidendene. Mtima ndi mapapo zimalimba msanga kuposa mafupa ndi mitsempha, choncho mtunda uziwonjezeka pang'onopang'ono, sabata yachinayi iliyonse n'kuchepetsako. Marathoni yonse saithamanga pokonzekera, maola awiri ndi theka kapena atatu amakwana. Kukatsala masabata awiri kapena atatu, ntchito imachepetsedwa kuti thupi libwezeretse.

Maola 15 amenewo amachotsedwa kwinakwake. Mpikisano wautali umene uli pafupi nafe ndi wa ku Gqeberha, mzinda umene unkatchedwa Port Elizabeth mpaka 2021, ndipo kawirikawiri umachitika mu Malichi kapena Epulo. Ndiye kuti miyezi yolemetsa kwambiri imagwera mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale, nthawi ya mvula, yopalira, yothira feteleza, ya fizi. Loweruka lonse uli pa njinga, Lamulungu watopa, maliro a m'mudzi wafika mochedwa. Mayi a kunyumba akafunsa kuti, "Abambo, nanga kumunda apite ndani?" funsolo n'loyenera, ndipo liyankhidwe munthu asanalipire ndalama yolembetsera, osati pambuyo pake.

Ndalamayo si yochepa. Kulembetsa kokha ndi madola mazana angapo, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Onjezanipo ulendo, kunyamula njinga, malo ogona, ndi chovala chamaraba chosambirira. Kunyanja kwathu chovalachi sichifunika chifukwa madzi ndi ofunda, koma ku Gqeberha madzi ndi ozizira, amchere, a mafunde, ndipo malamulo amachilola madzi akapanda kupitirira madigiri 24.5. Chimathandiza kuyandama, koma chimathina pachifuwa, moti kuchivala koyamba tsiku la mpikisano n'kudziputira mantha. Mzindawu umadziwikanso ndi mphepo, ndipo zaka zina okonza amafupikitsa gawo losambira nyanja ikalusa. Amene akufuna kuyamba ndi ya theka ali ndi Durban, ku South Africa komweko. Koma kuyesa koyamba sikufuna pasipoti: anthu anayi kapena asanu, msodzi mmodzi ndi bwato lake, mamita 750 m'mbali mwa gombe, makilomita 20 pa njinga, asanu othamanga, wina atagwira wotchi.

Thupi silimaliza mpikisano pa mzere womalizira. Minofu imakhala itang'ambika mkati, ululu umakula tsiku lachiwiri, kutsika masitepe kumavuta kuposa kukwera, zikhadabo zina za kuphazi zimada n'kudzagwa. Chitetezo cha m'thupi chimatsikako, chimfine chimagwira msanga, ndipo pamatenga masabata atatu kapena anayi kuti munthu ayambirenso zolimba. Mkodzo ukaoneka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, kapena ukasiya kutuluka, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zotuluka m'minofu yowonongeka zimatha kutseka impso. Ndipo tikiti yobwerera isakhale ya m'mawa mwake. Kuchoka ku Johannesburg kudzera ku Zimbabwe ndi Tete kukafika pa chipata cha Dedza ndi ulendo woposa tsiku lathunthu uli chikhalire, ndipo miyendo yotupa, yopinda nthawi yaitali chonchi, imatha kuundana magazi. Upume masiku awiri kapena atatu, ndipo basi ikaima paliponse, tsika uyendeyende.